Magalasi Opanda Mphamvu

Sajeni atalowa m'sitolo yogulitsa magalasi a maso anapeza chikwama cha munthu chitakhuthulidwa pakauntala. Panali choko, kampango, makiyi, kabotolo ka mapiritsi ndi mapepala a mayeso a ana omangidwa ndi labala. Eni chikwamacho, mayi achikulire a imvi zapatalipatali, anali atakhala pampando wapulasitiki pakona, manja pamaondo. Kunja anthu anali ataunjikana pawindo, ena atakanikiza mphuno pagalasi.

Kupolisi anzake ankamutchula kuti Sajeni Ndamva. Munthu akamalankhula, kaya zoona kaya zabodza, mayiyu ankangoti "ndamva" kenako n'kukhala chete akumuyang'ana, mpaka munthuyo awonjezere zimene sanafune kunena.

"Wakuba wake ndi uyo, bwana," anatero mtsikana wogulitsa, amene onse m'sitolomo ankamuitana kuti Sisi. Analoza ndi chikhadabo chachitali chopaka zofiira, chingamu chili m'kamwa. "Atangolowa ine ndinadziwiratu. Munthu wovala chonchi n'kumafunsa felemu ya golide? Mwaziona nsapatozo?"

Sajeni anaziyang'ana. Zinali zakuda, zopolishidwa bwino, zidendene zitadyeka mbali imodzi. Sizinkasiyana kwenikweni ndi zake.

"Fotokozani kuyambira poyamba."

"Felemu zodula timazikiyira m'kabati umu. Iwowa akuti ndiyeseko iyo. Ine ndatsegula, ndawapatsa, ayesa, avula. Foni yalira, ndatembenuka pang'ono chabe. Pocheuka, felemu kulibe. Yauluka yokha?"

"M'chikwama mwaipeza?"

"Angaisiye m'chikwama anthu ozolowerawa? Anabwera awiri. Kamtsikana kawo katuluka kothamanga. Ndi kamene katenga."

"Ndamva. Mwini sitolo ali kuti?"

"Adokotala lero ndi tsiku lawo lokagwira ntchito kuchipatala. Abwera mawa."

Sajeni anakoka mpando wina n'kukhala moyang'anizana ndi mayi aja.

"Ndinu aphunzitsi?"

"Inde, bwana. Ndimaphunzitsa ana aang'ono." Mawu awo ankanjenjemera, koma anali omveka bwino, a munthu wozolowera kulankhula patsogolo pa kalasi. "Ndimafuna magalasi atsopano chifukwa ndi awa sindikuonanso bwino zimene ana alemba. Felemuyo sindinaipemphe n'komwe. Ndinangoti iyi ndiye yokongola, iye n'kutsegula kabati, n'kundiveka yekha. Ndinavula, ndinamubwezera m'manja. Kenako ndinangomva kukuwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana kuti asamatenge zinthu za anzawo. Lero andivula jekete pamaso pa anthu."

"Munabwera ndi ndani?"



"Ndinabwera ndekha."

Sajeni anadikira. Zala za mayiwo zinayamba kupotokola m'mphepete mwa siketi.

* * *

Mlonda wa pakhomo anali bambo wamtali, wometa bwino, wolankhula ngati ali paperete.

"Bwana, ine ntchito yanga ndimaigwira molongosoka. Kukuwa kutangomveka, chitseko ndinakiya. Aliyense amene anali mkati ndinamusecha: m'matumba, m'zikwama, m'masokosi, ngakhale m'chipewa. Wosapezeka ndi kanthu ndinamutulutsa. Molongosoka."

"Munali ndani ndi ndani?"

"Bambo wina ndi mkazi wake, aphunzitsiwa, ndiponso Alamu."

"Alamu ake a ndani?"

"Amuna awo a adokotala, bwana. Tonse timangoti Alamu. Munthu wabwino kwabasi. Anayamba okha kutembenuza matumba awo, akuti nanenso ndisecheni kuti ena asadandaule."

Sajeni analoza kamera imene inali pakona ya denga.

"Imeneyo inafa kalekale," anatero mlonda. "Alamu akuti akufunafuna munthu woikonza."

"Aphunzitsiwa analowa okha?"

Mlonda anayang'ana kukona kuja n'kutsitsa mawu.

"Ayi, bwana. Analowa ndi mtsikana wamkulu ndithu, nkhope ngati yawo yomweyo. Anatuluka atakwiya, chitseko anachimenyetsa."

"Kabati inali itatsegulidwa kale?"

"Pamenepo ndinganame. Ine maso anga amakhala pa zikwama ndi matumba."

Popeza panalibe chimene chinapezeka, Sajeni anawauza Aphunzitsi kuti alongedze katundu wawo azipita, koma asachoke m'tauni. Sisi anawomba m'manja mokwiya.

"Mukuwamasula? Apolisi inunso! Ndiye adokotala ndikawauza chiyani?"

Aphunzitsi anadutsa pakati pa anthu aja atawerama. Wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi, tibwerekeni magalasi!" ndipo ena anaseka. Sajeni anawayang'ana mpaka anakhota pakona. Mtima wake unkafuna kuwakhulupirira, koma funso limodzi linakana kuchoka: munthu wosalakwa amanamiranji?

* * *

Yankho linabwera lokha madzulo ake. Mtsikana wina analowa mu ofesi ya Sajeni osagogoda, n'kuponya chikwama chake patebulo.

"Secheni. Ndine amene ndinali ndi amayi musitolo muja."

"Khalani pansi, chemwali."

"Sindikhala. Mukudziwa kuti vidiyo yawo ili pafoni ya aliyense? Yafika mpaka kusukulu. Makolo ayamba kuimbira a hedi, ndipo a hedi awauza amayi kuti ayambe akhala kaye kunyumba. Panopa agona, magazi akuthamanga, sakudya."

"Munatulukiranji musitolo mothamanga?"

"Chifukwa ndikanakhalitsa ndikanamutukwana mtsikana uja, ndipo amayi sakanandikhululukira. Chilowereni ankanditsatira pambuyo. Ndikaima, waima. Ndikasuntha, wasuntha. Nditangogwira felemu imodzi anati, 'Osagwiragwira ngati simugula, zimasowa izi.' Ndinawauza amayi kuti tiyeni, muno satifuna. Iwo akuti pirira. Ine ndinatuluka."

"Kabati ya zodula ija?"

"Inali yokiya. Makiyi anali pakhosi pake."

"Nanga amayi anu anandinamiziranji kuti anali okha?"

Mtsikanayo anakhala pansi tsopano. Ukali unamuthera.

"Andilemba ntchito kubanki, ndikuyamba mwezi wamawa. Amayi akuopa kuti dzina langa likangomveka kupolisi, basi yatha. Asankha kuti manyazi onse agwere iwo."

"Ndamva," anatero Sajeni. Zinali zomveka, koma mwana ndi mayi ake amatha kupangana nkhani. "Vidiyoyo anajambula ndani?"

"Mayi wa saluni yoyandikana ndi sitoloyo. Ndi ntchito yake imeneyo. Akuti amayi ndi achitatu kuwajambula."

Sajeni anadzutsa mutu.

"Achitatu?"

* * *

Musaluni munkanunkha mafuta a tsitsi ndi tsitsi lopserera. Mwini wake, mayi wonenepa wansangala, ankaluka kasitomala ndipo pakamwa ndi manja zinkayendera limodzi.

"Ine, Sajeni, miseche sindikonda, afunseni awa. Koma khoma lathuli n'lopyapyala, ndiye kukakhala phokoso munthu ungatani? Ndimangotenga foni n'kukaima pawindo. Msungwana uja ndi mwano wokhawokha. Amayeza munthu ndi maso, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ukalowa utavala suti, ndi 'takulandirani bwana'. Ukalowa ndi fumbi kumapazi, amakulondalonda ngati wabwera kudzanyamula sitolo yonse. Ine ndemwe anandifunsapo kuti m'kathumba kanga muli chiyani. Ine! Woyandikana naye!"

"Enawo anali ndani?"

"Woyamba anali dalaivala wa takisi. Analira, bambo wamkulu, misozi chuchuchu. Wachiwiri mtsikana wophunzira unamwino. Onse sanawapeze ndi kanthu, koma nthawi zonse pamakhala kankhani: mwina waponyera mnzake pakhomo, mwina wapatsira mwana. Foni ndi iyo, onerani. Musandifufutire zithunzi za makasitomala."

Sajeni anakhala pampando wochapira tsitsi n'kuyamba kuonera. Mavidiyo onse ankafanana. Sisi akukuwa, mlonda akukiya chitseko, munthu wosauka akukhuthula matumba ake uku akulumbira. Anaonera kachiwiri, koma ulendo uno sanayang'ane amene ankakuwa. Anayang'ana kumbuyo kwawo.

Pafupi ndi kalilole wamkulu wa pakhoma panaima bambo wa mutu waukulu, wovala malaya oyera. Mu vidiyo ya Aphunzitsi analipo. Mu ya wophunzira unamwino analipo. Mu ya dalaivala analiponso, pamalo omwewo, ndipo monsemo ankayamba ndi iye kutembenuza matumba.

"Awa ndani?"

Mayi wa saluni anasuzumira, chipeso chili m'kamwa.

"Amenewo si Alamu? Amuna a adokotala. Amakonda kubwera akazi awo akapita kuchipatala, akuti kudzayang'anira sitolo." Anayang'ana kasitomala wake m'kalilole, onse awiri n'kuseka. "Kuyang'anira sitolo! Koma ine sindinanene kanthu."

"Nditumizireni onse atatu," anatero Sajeni.

* * *

M'mawa mwake Sajeni anafika sitolo isanatsegulidwe. Dokotala ankabwera msanga kuposa antchito ake, ndipo Sajeni anamupeza akupukuta makina oyezera maso. Anali mayi wocheperako thupi, wosamala mawu, wa nkhope ya munthu wosagona mokwanira.

"Ndatopa nazo, Sajeni. Felemu zodula ndimaziyang'ana ndekha ndikangobwera kuchipatala, ndipo kachitatu konse ndapeza imodzi palibe. Pamakhala palinso nkhani ya kasitomala wakuba. Ndinayamba kuganiza kuti mwina pali gulu limene likudziwa tsiku limene ndimachoka."

"Antchito anu mumawakhulupirira?"

"Mlonda amawasecha onse poweruka, ngakhale Sisi. Ameneyu anandipezera ndi amuna anga. Pakamwa pake ndikudziwa kuti n'pakuthwa, ndamulankhulapo. Iye amati akuteteza katundu wanga."

"Ndingaone pakalilole paja?"

Pansi pa kalilole panali kashelefu, ndipo pambali pake panali mzere wa felemu zotchipa zimene aliyense ankatha kuyesa. Sajeni anazitenga imodziimodzi. Zonse zinali zaukhondo, miyendo yake yolimba. Atafika pa ina yakuda, yokhuthala, anaima. Miyendo yake inali yotakasuka, ndipo timapilo tokhala pamphuno tinali tachikasu ndi thukuta.

"Iyi ndi yatsopano?"

Dokotala anaitembenuza m'manja, nkhope itachita tsinya.

"Ndi ya muno, koma yavalidwapo. Kwa nthawi ndithu. Ndipo woivala ali ndi mutu waukulu."

Sajeni anaivala n'kuyang'ana zilembo za pakhoma. Anaivula n'kuyang'ananso. Panalibe kusiyana.

"Magalasi akewa alibe mphamvu?"

"Ndi oonetsera chabe, amabwera nayo felemu kuchokera kufakitale. Munthu wa vuto la maso sangayende nawo."

"Ndiye munthu wopanda vuto angawavalirenji mpaka kuwadetsa chonchi?"

Sajeni anagwada n'kupisa dzanja kunsi kwa kashelefu kaja. Zala zake zinakhudza tinthu tomata. Anatimatula mosamala n'kutiika pakauntala: timapepala tating'ono tomwe amamata pagalasi la felemu yatsopano, titatu, kena pamwamba pa kanzake.

Dokotala anatiyang'ana n'kugwira kukamwa.

"Iti ndi ta felemu zosowa zija."

"Ndiye kuti sizinatuluke m'chikwama cha aliyense. Zinamatulidwa pompano. Aphunzitsi aja anaimapo pano?"

"Sindinalipo, Sajeni."

"Sanaimepo. Bwerani muone."

Sajeni anatsegula vidiyo ya Aphunzitsi n'kuiimitsa koyambirira. Kumbuyo kwa Sisi, bambo wa malaya oyera anali pakalilole, atavala magalasi a felemu yakuda yokhuthala. Anaithamangitsa mpaka kumapeto, pamene mlonda ankatsegulira anthu osechedwa. Bambo yemweyo ankatuluka akumwetulira, matumba ake ali panja, ndipo pankhope pake panali felemu yopyapyala imene inanyezimira atafika padzuwa.

Dokotala anaonera osaphethira. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Maso a amuna anga ndinawayeza ndekha," anatero motsitsa mawu. "Amaona bwino kuposa ine. Chikwatiraneni sindinawaonepo atavala magalasi."

* * *

Vidiyo yojambulidwa pawindo, Sajeni anauza Dokotala, munthu wochenjera atha kuikana. Anganene kuti ndi kuwala kwa dzuwa, kapena kuti ankangoyesa. Pankafunika kumugwira felemu ili pankhope.

"Mungapirire osamuuza kanthu?"

"Ndimayang'ana m'maso mwa anthu tsiku lililonse osawaonetsa zimene ndaona," anatero Dokotala. "Ndipirira."

Tsiku lomwelo Dokotala anauza antchito ake, ndiponso amuna ake kunyumba, kuti waitana anthu odzaika makamera atsopano sabata yamawa, ndipo felemu zodula azidzazisunga m'chipinda chake. Kwa aliyense amene ankazifuna, mpata unatsala umodzi.

Tsiku lake la kuchipatala litakwana, Dokotala anatsanzika kunyumba monga mwa nthawi zonse, koma analowa m'sitolo kudzera khomo lakumbuyo antchito asanafike. Iye ndi Sajeni anakhala m'chipinda choyezera maso, magetsi atazimitsa, chitseko atachikiya mkati. Pachitsekocho panali kawindo kakang'ono kokutidwa ndi katani.

Anadikira nthawi yaitali. Anamva Sisi akuseka pafoni, akukalipira mayi wina kuti mwana wake asagwire galasi, akuuza mnyamata wina kuti za mtengo wake sangazikwanitse. Dokotala ankangotseka maso mawu aliwonse akamveka.

Kenako kunamveka mawu a bambo, osalala ngati mafuta.

"Zikuyenda, akuluakulu? Achimwene a pakhomo, ana ali bwanji?"

Sajeni anasuntha katani pang'ono. Alamu anali atalowa, malaya oyera, magalasi akuda pankhope, ena ofanana ndi aja. Anapita molunjika pakalilole n'kuyamba kukonza kolala.

Posapita nthawi munalowa bambo wovala ovolosi yothimbirira ndi mafuta a galimoto. Anali wapolisi mnzake wa Sajeni, ndipo ovolosiyo anabwereka kugalaja. Anayendayenda ngati munthu wosazolowera masitolo otere. Sisi, amene anali atangokana kutsegulira kabati mnyamata uja, anamuthamangira ndi makiyi.

"Yesani iyi, bambo, ikukhalani bwino. Musaope, kuyesa n'kwaulere."

Anamuveka felemu yonyezimira, anamuvula, ndipo Sajeni anaona bwinobwino dzanja la zikhadabo zofiira likupita kumbuyo n'kusiya felemuyo pakashelefu ka kalilole. Sisi anatenga foni imene sinalire n'komwe, anaiika kukhutu, anaibweza, kenako anakuwa.

"Felemu ija ili kuti? Bambo inu! Alonda, kiyani chitseko!"

Maso onse anapita kwa wa ovolosi. Kumbuyo kwawo Alamu anavula magalasi akuda n'kuwaika pamzere wa zotchipa, anamatula kapepala ndi chikhadabo, n'kuvala atsopano. Zonsezi anazichita mosafulumira. Kenako anabwera kutsogolo akutembenuza matumba a buluku.

"Tiyeni tisavutane, abale. Yambani ndi ine, achimwene. Ndisecheni."

Mlonda anawapapasa m'matumba, m'chiuno, m'masokosi.

"Alamu alibe kanthu. Molongosoka."

Pamenepo Dokotala anatsegula chitseko.

Chingamu cha Sisi chinagwera pakauntala. Dokotala anayenda mpaka pamene panaima amuna ake, anatukula manja onse awiri monga amachitira ndi odwala, n'kuwavula magalasi aja mofatsa.

"Maso ayamba liti kukuvutani, bambo?"

Alamu anaseka, koma kusekako kunathera pakhosi.

"Aa, dokotala wanga, simunapite kodi? Ndimangoyesa ine. Ndimafuna ndione ngati alondawa ali tcheru. Mwaona nokha, sanandigwire. Ndimati ndikuuzeni madzulo."

"Ndamva," anatero Sajeni, akutuluka m'chipinda muja. Anapisa dzanja kunsi kwa kashelefu n'kutulutsa kapepala kongomatidwa kumene. "Kachitatu konse kaja munkayesanso alonda?"

Alamu anayang'ana chitseko. Chinali chokiya, ndipo wa ovolosi anali ataima pomwepo, atatulutsa unyolo m'thumba. Anatembenukira kwa Sisi.

"Zonsezi ndi mtsikanayu. Ndi amene anandinyengerera. Ine ndinamumvera chisoni chabe."

"Chisoni?" Sisi anamenya kauntala ndi dzanja. "Si inu munati tisonkhanitse katundu tikatsegule sitolo yathu? Si inu munati ndizisankha anthu ooneka osauka, oti ngakhale alumbire palibe angawamvere? Waya wa kamera anadula ndani? Munati akazi anu mukuwasiya chaka chisanathe!"

Dokotala sanamuyang'ane n'komwe. Ankapukuta felemu ija ndi kansalu, mbali iyi ndi mbali iyo, ngakhale inali yoyera kale.

Mlonda anavula chipewa. Mawu a paperete aja anali atamuchokera.

"Bwana, ine ndinawavula jekete mayi aja ndi manja angawa. Dalaivala uja ndinamuvula nsapato. Wakuba ndikumutsegulira chitseko, ndikumuchitira sailuti."

Sajeni anayandikira Dokotala n'kulankhula motsitsa.

"Katundu ndi wanu, mwamuna ndi wanu. Mukanena kuti ndi za m'banja, pa za felemu manja anga amangika. Mukuti bwanji?"

"Amayi a ana," anatero Alamu, "tikakambirane kunyumba. Anthu akuona."

Dokotala anayang'ana pawindo. Anthu anali ataunjikana kale, ndipo mayi wa saluni anali kutsogolo, foni m'mwamba.

"Zikanakhala za m'banja zikanathera m'nyumba mwathu," anatero. "Izi zalowa m'nyumba za anthu ena. Atengeni onse awiri."

* * *

M'mawa wotsatira Dokotala sanatsegule sitolo. Anapempha Sajeni kuti amuperekeze kusukulu kumene Aphunzitsi ankagwira ntchito. Sajeni anali atawatumizira kale uthenga, ndipo anawapeza ataima pageti ndi mwana wawo uja. Anali ataonda masiku ochepa omwewo, koma siketi inali yosita ndipo mutu unali chilili.

Dokotala anatsika m'galimoto n'kupinda maondo pang'ono.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Sindinalipo, koma sitolo ndi yanga, ndipo madandaulo a anthu ndinkawamva n'kumawanyalanyaza. Ndikufuna tilowe limodzi kwa a hedi ndikafotokoze zonse."

Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali kudzera m'magalasi awo akale.

"Kwa a hedi lowani nokha, ine ndilibe chokafotokoza. Mukatero mupemphe kuti aitane makolo, muwauzenso ndi pakamwa panu. Mukakamaliza kuno, pali dalaivala ndi mwana wa unamwino uja. Amenewo musawatumizire uthenga. Mukawapeze kumene ali."

"Ndichita zonsezo. Ndiponso ndikupempha mubwere ndikuyezeni maso, musankhe felemu iliyonse imene mungakonde. Simulipira kanthu."

Mwana wawo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mayi ake anamugwira mkono.

"Zikomo, adokotala. Zakuchitikirani n'zowawa, ndipo ndikukumverani chisoni ngati mayi mnzanga. Koma ndikangotuluka musitolo mwanu nditavala za ulere, anthu adzati wakuba uja amutseka pakamwa. Ndikagula kwina."

Dokotala anagwedeza mutu movomera, maso ali ndi misozi, n'kulunjika ku ofesi ya a hedi yekha. Sajeni anatsala pageti.

"Mayi, nanenso ndinakukayikirani," anatero.

"Ndinakunamizani, ndiye munayenera kutero. Koma munandikayikira osandinyoza. N'zosiyana zimenezo, bwana."

Belu linalira. Ana anayamba kuthamangira m'makalasi, ndipo ena atawaona anaima n'kumanong'onezana. Aphunzitsi sanadikire kuti a hedi awaitane. Anatenga chikwama chawo kwa mwana wawo, anadutsa pakati pa bwalo osafulumira, mpaka pakhomo la kalasi yawo. Phokoso la mkatimo linazima. Sajeni ali pageti pomwepo anamva mawu awo, amphamvu ndi osanjenjemera.

"Amene wakhala pampando wanga achoke. Tulutsani mabuku."